Kapangidwe ka chitoliro cholira ngati kadzidzi ndi kakonzedwe kake kuti chizimveka patali

Kum'mawa kwa United States ndi kum'mwera kwa Canada, alenje ambiri a nkhukundembo zam'tchire salowa m'nkhalango m'bandakucha popanda kachipangizo kamene amakatcha owl hooter, komwe ndi chitoliro chachifupi cholira ngati kadzidzi. Sakhala akusaka kadzidziyo ayi. Nkhukundembo zam'tchire zimagona m'mitengo, ndipo m'nyengo yoswana, kuyambira mu Marichi kufikira mu Meyi, tambala wake akamva phokoso ladzidzidzi amangoyankha ndi kulira kwake, kaya phokosolo ndi la bingu, la khwangwala kapena la chitseko cha galimoto. Mlenje amasankha mawu a kadzidzi chifukwa nkhalango inawazolowera mdima usanathe, motero tambala amaulula mtengo umene wagona osadziwa kuti pafupi pali munthu, ndiponso satsika kudzafunafuna mnzake monga akanachitira atamva kulira kwa thadzi. Kadzidzi amene amamutsanzira kwambiri ndi barred owl, amene akatswiri amamutcha Strix varia. Lusoli linakula mpaka bungwe la National Wild Turkey Federation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, limachititsa mipikisano ya kuliza ndi kusema zitoliro pa msonkhano wake wa chaka ndi chaka ku Nashville, m'chigawo cha Tennessee.

Kuno kwathu kulibe nkhukundembo zam'tchire, koma kadzidzi wa m'nkhalango zowirira za Malawi, Zambia ndi Mozambique, wotchedwa Strix woodfordii, ndi mbale weniweni wa barred owl, ndipo nayenso amalira mawu odukizadukiza amene chitoliro chomwechi chikhoza kuwatsanzira. Woperekeza alendo okaona mbalame, mphunzitsi wa sayansi wofuna kuonetsa ana mmene mawu amabadwira, ngakhalenso wosema ziboliboli, onsewa angathe kuchipanga ndi zipangizo zopezeka pafupi. Dandaulo la anthu amene apanga chitoliro chawo choyamba limakhala limodzi: chikulira ndithu, mawu akufananadi ndi a kadzidzi, koma munthu akangotalikira pang'ono sakuchimvanso. Ambiri amathamangira kuuzira mwamphamvu, ndipo mawu amakwera, amasasa, kenaka amazimiririka n'kutsala mpweya wokhawokha. Mphamvu ya mawu a chitoliro chotere siichokera m'mapapo mwa woliza. Imachokera pa kugwirizana kwa kanjira kodutsa mpweya, zenera limene mpweyawo umadulidwirapo, ndi kukula kwa mimba ya chitolirocho.

Chimene chimachitika mkati

Musanagwire sowo, tengani botolo lopanda kanthu, muuzire mopingasa pakamwa pake, kenaka muthiremo madzi mpaka theka n'kuuziranso. Mudzamva kuti mawu akwera chifukwa malo a mpweya achepa. Hermann von Helmholtz, katswiri wa ku Germany, analongosola khalidwe limeneli m'zaka za m'ma 1860, ndipo lamulo lake ndi limene limagwira ntchito pa chitoliro chilichonse chokhala ndi mimba yotsekeka: mimba ikakula mawu amatsika, bowo likakula mawu amakwera. Kusinthaku sikuyendera limodzi ndi kukulako, pakuti kuti mawu atsike kuchoka pa 1000 Hz kufika pa 500 Hz, mimba iyenera kukula kanayi, osati kawiri. Achinyamata oweta ng'ombe ku Zimbabwe ndi ku Mozambique amadziwa zimenezi ndi zala zawo, chifukwa kachitoliro kawo kotchedwa chigufe amakapanga ndi chigoba cha dzaye, ndipo dzaye lalikulu limatulutsa mawu onenepa kuposa laling'ono.

Pali miyeso iwiri imene musaisokoneze pa ntchito yonseyi. Kukwera kapena kutsika kwa mawu kumayezedwa mu hertz, mwachidule Hz, kutanthauza kangati mpweya ukunjenjemera pa sekondi imodzi, pamene mphamvu ya mawu, yomwe ndi imene imawafikitsa patali, imayezedwa mu decibel, mwachidule dB. Chovuta n'chakuti pafupifupi chilichonse chimene mungachite pofuna kuwonjezera mphamvu chimakwezanso mawu, ndipo kadzidzi wolira mawu opyapyala sakhalanso kadzidzi.

Mpweya wochokera m'kamwa umadutsa m'kanjira kopanikizika, umatuluka uli wophwatalala, umawoloka zenera n'kukagunda mlomo wakuthwa umene uli tsidya lina la zeneralo. Pamenepo umayamba kugwedezeka, kulowa m'mimba n'kutuluka kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo mpweya umene uli m'mimbamo ndi umene umatsogolera liwiro la kugwedezekako. Kuti mawu akhale athunthu, mpweya uyenera kuwoloka zenera pa nthawi yogwirizana ndi kugwedezeka kumeneku. Mukauzira mwamphamvu pa zenera lalifupi, mpweya umafika pa mlomo nthawi yake isanakwane, ndicho chifukwa chake mawu amakwera kenaka n'kufa. Tsono ngati mukufuna chitoliro cholandira mpweya wamphamvu, mtunda wochoka pa kanjira kufika pa mlomo uyenera kutalikirapo. Ngati mukufuna kuti mawu ambiri atuluke, zenera liyenera kutambalala. Ndipo popeza zonse ziwirizi zimakweza mawu, mimba iyenera kukula kuti iwabwezere pansi. Nkhani yonse yagona pamenepa, ndipo zotsalazo ndi ntchito ya tupa ndi kudekha.

Kusankha zipangizo ndi kudula

Osema zitoliro ku America amagwiritsa ntchito makina ozunguza thabwa posema otchedwa lathe ndi mitengo yolimba monga walnut, maple ndi cherry, kapenanso pulasitiki yolimba ya acrylic. Amene alibe makina asade nkhawa, chifukwa nsungwi inabadwa kale ndi mimba yake. Pezani nsungwi youma bwino, yosafumbwa ndi yopanda mng'alu, imene bowo lake lamkati ndi la mamilimita 30 mpaka 35 ndipo khoma lake ndi lochindikala mamilimita 4 kapena 5. Dulani chidutswa cha masentimita 16 pakati pa mfundo ziwiri kuti mbali zonse zikhale zotseguka. Ena amakonda kusiya mfundo imodzi kuti ikhale chotsekera chachibadwa, koma ine sindilimbikitsa zimenezo pa chitoliro choyamba, chifukwa mimba yake siingasinthikenso, pamene kusintha kukula kwa mimba ndiyo njira yanu yaikulu yokonzera mawu. Zitsekerero ziwiri muzisema kuchokera ku mtengo wouma wosavuta kupala, monga malaina kapena paini. Opanga zitoliro za recorder ku Ulaya amakonda mtengo wa cedar pa chitsekerero cha kutsogolo chifukwa umapirira chinyontho cha m'kamwa, koma zimenezi zisakupangitseni kufunafuna mkungudza wa ku Mulanje, umene watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Pewaninso thabwa kapena nsungwi imene inathiridwa mankhwala a chiswe, popeza chipangizochi chizikhala pakamwa panu.

Zida zake ndi sowo ya mano aang'ono, mpeni wakuthwa, tupa yaing'ono yophwatalala, choboolera, sandipepa wa nambala 120, 220 ndi 400, rula yokhala ndi mamilimita, guluu wa matabwa, ulusi ndi phula la njuchi.

Yambani ndi kupala mkati mwa nsungwi ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo mpaka kachikopa koyera kofewa kamene kamakhala mkatimo katatheratu, chifukwa khoma lofewa ndi lokhakhala limamwa gawo la mphamvu ya mawu asanatuluke. Semani chitsekerero cha kutsogolo chotalika masentimita 4, cholowa mothina koma chotheka kuchisuntha ndi chala. Kuchokera kumapeto kwa nsungwi yezani masentimita 4 omwewo, ndipo pamenepo jambulani zenera la makona anayi, lotambalala mamilimita 12 mopingasa nsungwi ndi lotalika mamilimita 6 motsata nsungwi. Boolani timabowo ting'onoting'ono mkati mwa chojambulacho n'kumalizitsa ndi tupa kuti makona akhale oongoka. Muyesowu ndi waung'ono mwadala, chifukwa zenera mukhoza kulikulitsa nthawi iliyonse koma chimene mwachotsa simungachibwezerenso.

Mbali ya zenera imene yatalikirana ndi pakamwa ndi imene idzakhale mlomo. Palani khoma la nsungwi kuchokera kunja kuti likhale lotsetsereka pafupifupi madigiri 30, kutsikira ku zenera, mpaka nsonga yake itapyapyala kufika pafupifupi theka la milimita. Musaunole mlomowu ngati lezala, chifukwa ukapyapyala kwambiri umanyenyeka ukanyowa ndipo mawu amasasa. Chofunika koposa n'chakuti ukhale woongoka kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, wopanda mano kapena ulusi wa nsungwi wolendewera.

Pa kanjira ndi pamene zitoliro zambiri zopangira pakhomo zimatayira mphamvu. Njira yofala ndi yongopala pamwamba pa chitsekerero kuti pakhale mpata n'kuchilowetsa. Chitoliro chotere chimalira, koma pafupifupi mpweya wonse umadutsa kunsi kwa mlomo n'kulowa m'mimba m'malo mogawika pa mlomopo, ndipo mawu amakhala ofooka ngakhale muuzire chotani. Njira yabwino ndi yosema kanjirako m'khoma la nsungwi, mkati, kuchokera pakamwa kufika pa zenera. Lowetsani tupa n'kukumba ngalande yotambalala mamilimita 12 mofanana ndi zenera, yakuya pafupifupi milimita imodzi pamene ikutulukira pa zenera ndi mamilimita 2 polowera mpweya, kuti kanjira kazinka kapanikizika ndipo mpweya uziwonjezera liwiro. Pamwamba pa chitsekerero mungopalapo pang'ono ndi sandipepa. Mukachilowetsa kuti nkhope yake ilingane ndi poyambira zenera, lozetsani nsungwi ku kuwala n'kusuzumira m'kanjiramo. Muyenera kuona mlomo utadutsa mopingasa, ndipo kunsi kwake kukhale kamzere kopyapyala ka kuwala, kokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mpata wonsewo. Ngati kunsi kulibe kuwala, palani chitsekerero pang'ono. Ngati kuwalako n'kochuluka kuposa kumwamba, matani kapepala kopyapyala pamwamba pa chitsekerero kapena semani china. Pomaliza, sosolani pang'ono kwambiri ngodya zakuthwa pamene kanjira kakutulukira, kumwamba ndi kunsi komwe, mosapitirira theka la milimita, chifukwa kutero kumathandiza mpweya kugwedezeka momasuka.

Amene akugwiritsa ntchito paipi ya PVC ali ndi njira yachidule. Adule mpata wa mamilimita 12 m'khoma lonse la paipi kuchokera pakamwa kufika pa mlomo, aike chitsekerero kunsi, ndipo pamwamba avindikirepo chidutswa cha paipi yomweyo chong'ambidwa mbali imodzi, kusiya zenera lokha poyera. Kuchindikala kwa khoma la paipiyo ndiko kumakhala kukula kwa kanjira.

Chitsekerero cha kumbuyo chikhale cha masentimita 2, chokulungidwa ulusi ndi kupakidwa phula kuti chizisuntha koma osathawitsa mpweya, ndipo mukhomepo sikuluwu yoti muzigwirira. Chilowetseni mpaka mimba itatsala masentimita 8. Pa nsungwi ya mamilimita 32 mimba imeneyi imakwana mamililita pafupifupi 64, ndipo pamodzi ndi zenera lija mawu ake ayenera kugwera m'dera la 500 Hz. Musamate chilichonse ndi guluu pakadali pano.

Kukonza mawu

Ndondomeko imene ndimaiona kuti ndi yanzeru ndi yoyamba ndi kuyeretsa mawu, kenaka kuwapatsa mphamvu, ndipo kukwera kapena kutsika kwake kukhale komalizira, chifukwa chilichonse chimene mungachite pa zenera chidzasokoneza muyeso umene munaupeza kale. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi n'kuyesa, kupanda kutero simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga.

Choyamba fufuzani ngati mpweya ukuthawa. Tsekani zenera ndi chala n'kuuzira, ndipo muyenera kumva kuti mpweya wakanika kulowa. Ngati ukupitabe, pakani madzi a sopo m'mbali mwa zitsekerero ndi pakhoma lonse, ndipo thovu lidzakuonetsani pamene pali vuto. Kabowo kosaoneka ndi maso n'kokwanira kufooketsa chitoliro chosemedwa bwino, ndipo phula losungunula limatseka malo otere mosavuta.

Kenaka uzirani pang'onopang'ono, muziwonjezera mphamvu kwinaku mukumvetsera. Ngati mukumva mpweya wokha wopanda liwu, mlomo ndi kanjira sizikuyang'anana bwino, kapena chitsekerero cha kutsogolo chabwerera chakukamwa; chisuntheni ndi theka la milimita n'kuyesanso. Ngati liwu likubwera pokhapokha mutauzira mwamphamvu ndipo likumveka losasa, zenera latalika kuposa mmene kanjira kangakwanitsire, ndiye kankhirani chitsekerero cha kutsogolo pang'ono kuloza ku mlomo. Koma ngati liwu ndi lokoma pouzira mofewa ndipo likusweka mukangowonjezera mpweya, limene ndi vuto la anthu ambiri, zenera lanu ndi lalifupi. Bwezani mlomo m'mbuyo ndi tupa, theka la milimita pa ulendo umodzi, mukukonzanso kutsetsereka kwake, mpaka zenera litafika mamilimita 7 kapena 8. Mudzaona kuti pa sitepe iliyonse chitoliro chikulandira mpweya wochuluka chisanasweke. Poyambira pabwino ndi pakuti kutalika kwa zenera kukhale kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuyerekeza ndi mpata wa potulukira kanjira, ndipo mukapitirira kwambiri pamenepo phokoso la mpweya limayamba kuphimba liwu.

Liwu likakhazikika, yambani kutambalalitsa zenera, kuchoka pa mamilimita 12 kufika pa 14, ndipo ngati mpweya wanu ukukwanitsa, mpaka 16. Nthawi zonse tambalalitsani kanjira ndi mlomo mofanana, chifukwa zenera lotambalala kuposa kanjira limangokweza mawu popanda kuwonjezera mphamvu. Mwa kuwerengera, kuchoka pa 12 kufika pa 16 kumakweza mawu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo kuti muwabwezere pamalo pake muyenera kukulitsa mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5, kutanthauza kukokera chitsekerero cha kumbuyo kunja ndi sentimita imodzi ndi theka kapena awiri. Apa ndi pamene ubwino wa chitsekerero chosuntha umaonekera. Pali malire awiri amene muyenera kuwalemekeza. Oyamba ndi nsungwi yeniyeniyo, pakuti zenera lotambalala kupitirira theka la bowo lamkati limakhota kwambiri ndipo mlomo umavuta kuuongola, choncho ngati mukufunabe mphamvu yoposa apa, yambirani pa nsungwi yaikulupo. Malire achiwiri ndi chifuwa chanu. Kulira kwa barred owl kuli ndi mawu 8 kapena 9 otsatizana, ndipo chitoliro chimene chikukutherani mpweya musanafike kumapeto chilibe phindu ngakhale chitamveka patali motani.

Opanga mapaipi a limba la m'tchalitchi amaika timakoma tiwiri m'mbali mwa zenera la mapaipi ena kuti mpweya usamwazikire m'mbali. Mukhoza kuyesa zomwezo ndi phula, poumba timakoma totalika mamilimita 3 kapena 4 kumanja ndi kumanzere kwa zenera. Liwu limakhazikika msanga ndipo limatsika pang'ono. Mukaona kuti zathandiza, sinthanitsani phulalo ndi timatabwa tomata.

Tsopano boolani bowo la chala la mamilimita 5 kapena 6 pambali pa mimba, kutali ndi zenera, pamalo pamene chala chanu chimagwera mwachibadwa mukagwira chitoliro. Bowoli likatseguka mawu amakwera, mwina kufika m'dera la 600 Hz pa miyeso imene tatchulayi, ndipo amatulukanso ndi mphamvu yochulukirapo. Mukalitseka pang'onopang'ono mawu amatsetserekera pansi, ndipo umu ndi mmene mumapezera liwu lomaliza la barred owl lija limene limagwa. Choncho muyeso wanu waukulu muupeze bowo lili lotseguka. Mawu a barred owl amakhala pakati pa 500 ndi 700 Hz, ndipo wamkazi, ngakhale ali wamkulu thupi kuposa wamwamuna, ndi amene amalira mokwera. M'malo modalira kukumbukira, mverani mawu ojambulidwa a kadzidzi amene mukumutsanzira. Macaulay Library ya Cornell Lab of Ornithology ku Ithaca, New York, ndi tsamba la pa intaneti la xeno-canto zimasunga mawu a mbalame za padziko lonse, kuphatikizapo akadzidzi a ku Africa. Pulogalamu ya pafoni yochunira gitala ikhoza kukuonetsani muyeso wa mawu ojambulidwawo ndi wa chitoliro chanu, ndiye muzisuntha chitsekerero cha kumbuyo mpaka ziwirizo zitakumana.

Mphamvu musaiyezere m'nyumba, chifukwa makoma amabweza mawu ndipo chitoliro chilichonse chimamveka chaukali m'chipinda. Pitani panja pabata, ikani foni yokhala ndi pulogalamu yoyeza ma decibel pa mtunda umodzimodzi nthawi zonse, monga mamita 5, ndipo lembani zimene mwapeza mukasintha chinthu. Manambala a foni sakhala olondola kwenikweni, koma amakwanira kukuuzani ngati mwapita patsogolo kapena mwabwerera m'mbuyo. Pabwalo loyera mawu amataya pafupifupi 6 dB nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri. Izi zikutanthauza kuti kuwonjezera 6 dB pa chitoliro chanu kumachifikitsa pafupifupi kawiri mtunda wakale, koma 6 dB yomweyo imafuna kuti mphamvu yotuluka ichuluke kanayi, ndiye musanyoze kusintha kwa 2 kapena 3 dB, pakuti ndi phindu lenileni. Muyeso womaliza ndi khutu la mnzanu amene akuyenda kutalikira mpaka atasiya kumva. Dziwaninso kuti khutu la munthu limamva mawu otsika mofooka kuposa okwererapo a mphamvu yofanana, choncho chilakolako chofuna liwu lonenepa kwambiri chimadya mtunda. Pakati pa muyeso wa wamwamuna ndi wa wamkazi, ine ndingasankhe wokwererapo ngati cholinga ndi kumveka patali.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi kukatentha madigiri 20, ndipo liwirolo limasintha ndi pafupifupi mamita 0.6 pa sekondi pa digiri iliyonse, motero chitoliro chochunidwa masana dzuwa likuswa mtengo chidzalira motsikirapo m'bandakucha wozizira. Vuto lalikulu la kuzizira ndi lakuti nthunzi ya m'kamwa imasanduka madontho m'kanjira n'kutsamwitsa mawu. Sungani chitoliro m'thumba la malaya kuti chikhale chofunda, ndipo chikatsamwa, tsekani zenera mopepuka ndi chala n'kuuzira kamodzi mwamphamvu kuti madzi achoke.

Mukakhutira, lembani ndi pensulo pamene chitsekerero cha kutsogolo chaima, chichotseni, pakani guluu wochepa kunsi ndi m'mbali mokha, n'kuchibwezera ndendende pa chizindikirocho, mukusamala kuti guluu asalowe m'kanjira. Cha kumbuyo chisiyeni ndi phula lake. Guluu akauma, dulani mopendekera kunsi kwa mbali ya pakamwa kuti ikwane bwino m'kamwa, ndipo mangani ulusi wolimba kumapeto konse kuti nsungwi isang'aluke. Mafuta pang'ono kapena phula lopyapyala mkati mwa mimba limasalalitsa khoma, koma pa mlomo ndi m'kanjira musaunjikepo vanishi, chifukwa kuchindikala kwake kungasinthe miyeso imene mwaivutikira.

Pali mtundu wachiwiri wa chitoliro cha kadzidzi umene alenje ambiri amaukonda chifukwa kawirikawiri ndi waukali kuposa wa mimba yotsekeka. Mkati mwake mumakhala kalilime kopyapyala ka pulasitiki ya Mylar, kogona pa kathabwa kokumbidwa ngalande n'kupanidwa ndi mphero yaing'ono, monga zimakhalira m'zitoliro zoitanira abakha, momwe kalilime ka mamilimita 0.25 n'kofala. Filimu yakale ya X-ray, yochindikala pafupifupi mamilimita 0.18, ikhoza kugwira ntchito poyeserera. Kalilime kakatalika mawu amatsika. Kakafupika kapena kuchindikala mawu amakwera, ndipo kochindikalako kamafuna mpweya wambiri komanso kamapirira kuuzira kwamphamvu. Chinsinsi cha mtundu umenewu chili pa bowo lotulukira mpweya. Likakula kwambiri liwu limamveka ngati la bakha, likachepa kwambiri liwu limatsamwa, ndiye yambani ndi bowo laling'ono n'kumalikulitsa pang'onopang'ono mpaka liwu litatseguka koma likadali lozungulira. Kalilime mudulepo kochepa kwambiri pa ulendo uliwonse, ndipo khalani ndi tina tapadera.

Chitoliro chabwino chimafunabe woliza wodziwa. Mpweya uchokere m'mimba mwanu, osati m'masaya, ndipo liwu lililonse muliyambe ngati mukunena kuti “hu”. Kalizidwe ka barred owl kali m'magawo awiri a mawu anayianayi, motere: hu, hu, hu-huu, hu, hu, hu-huu-aa, ndipo liwu lomalizalo limagwa monjenjemera. Kunjenjemerako mumakupeza pogwedeza kukhosi monga mmene munthu amachitira potsuka kukhosi ndi madzi, kwinaku chala chikutseka bowo. Onetsetsani kuti dzanja silikuphimba zenera, popeza mawu ambiri amatulukira pamenepo. Alenje odziwa amayamba mofewa, chifukwa tambala akhoza kukhala pamtengo wapafupi, ndipo amaliza mwachidule n'kukhala chete kuti yankho lisawapite iwo akulizabe.

Pa akadzidzi enieni pamafunika kudziletsa. Kadzidzi akayankha chitoliro chanu amakhala akuganiza kuti mnzake walowerera dera lake, ndipo nthawi imene akuthera pokufunafunani ndi nthawi imene akanasakira chakudya kapena kulondera chisa. Akangoyankha, lekani, ndipo musabwerere pamalo omwewo usiku uliwonse, makamaka m'nyengo yoswana. Malo ena otetezedwa, monga Yellowstone ku United States, amaletseratu kuitana nyama ndi mbalame mwa njira imeneyi, choncho mukakhala ku Liwonde kapena kunkhalango ina yotetezedwa, funsani kaye oyang'anira. Kumudzi ndi m'makwalala a m'tauni kumbukirani kuti anthu ambiri amamva kulira kwa kadzidzi ngati malodza kapena chizindikiro cha maliro. Kuliza chitoliro usiku pafupi ndi nyumba za anthu kungabweretse mantha ndi kunamizirana ufiti, ndiponso kungachititse kuti agende akadzidzi amene amatithandiza kuchepetsa makoswe. Yeserani masana, ndipo anzanu oyandikana nawo aone chipangizocho ndi maso awo.

Pofuna kutsanzira akadzidzi a kuno, miyeso yomweyi ndi poyambira pabwino pa Strix woodfordii, ndipo mungosintha kalizidwe ndi malo a chitsekerero potsata mawu ojambulidwa. Bubo africanus, kadzidzi wamawangamawanga wokhala ndi nthenga zonga makutu, ndi wosavuta, chifukwa wamwamuna amalira mawu awiri, lachiwiri lotsikirapo, ndipo bowo la chala limakwanira kupanga kusiyanako. Tyto alba, woyera kumaso uja wogona m'madenga a matchalitchi ndi masukulu, amakuwa mosasa, ndipo chitoliro cha mtundu uwu sichingamutsanzire. Scotopelia peli, kadzidzi wamkulu wodya nsomba amene alendo amakamufunafuna m'mbali mwa Shire ku Liwonde, ali ndi liwu lonenepa kwambiri loti nsungwi ya mamilimita 32 siingalifike. Kuti mutsike kuchoka pa 500 kufika pa 250 Hz ndi zenera lomwelo mufunika mimba ya mamililita oposa 250, ndipo popeza mawu otsika chotero amafunanso zenera lalikulupo kuti amveke patali, mimbayo iyenera kukulanso kuposa apo. Pamenepo ndi bwino kusema mbali ya kanjira ndi zenera pa kachidutswa ka nsungwi, n'kukalumikiza ndi phula pa chikho chouma cha khoma lolimba chimene chikhale mimba yake.